Mmene Shuga Anadyera Maso a Amuna Anga

Ndinakwatiwa kumudzi wina wa kumapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, kumene galimoto imathera pamtsinje ndipo kotsalako munthu amakwera wapansi. Amuna anga anali mlimi wa fodya. Sanali wolemera, koma pa ntchito yosankha fodya ankadziwika mpaka midzi ya kutsidya. Tsamba akaliyang'ana padzuwa la m'mawa ankadziwa mulu wake, ndipo belo limene ladutsa m'manja mwawo silinkabwezedwa ku okushoni. Anzawo a m'kalabu ankawaitana kuti akawaonereko fodya asanadinde mabelo. Ankapita, madzulo n'kubwera atapachika nkhuku panjinga.

Chaka chimene tinavota koyamba zipani zambiri, iwo anayamba kuwonda. Kudya ankadya bwino, koma thalauza linkangofuna kuvuka. Kumunda ankapita ndi chigubu cha madzi, dzuwa lisanafike pamutu chatha, ndipo mzere uliwonse akamaliza ankalowa kaye patchire. Masiku amenewo munthu akayamba kuwonda anthu ankadziwa kale dzina la matenda ake. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkaduka. Amayi ena ankandiyang'ana m'khosi ndi m'mikono kuti aone ngati nanenso ndayamba.

Choncho tsiku limene adokotala anayeza magazi n'kunena kuti ndi matenda a shuga, ife tinapuma. Kunena zoona tinabwerera kumudzi ngati anthu amene awina mlandu. Amuna anga ankauza aliyense panjira kuti, "Ndi shuga chabe." Mawu akuti chabe amenewa tinkawanena tonse.

Adokotala aja anali mnyamata wofatsa, ndipo anatiuza zonse. Anati mapiritsi asamadukize, tiyi azimwa wopanda shuga, nsima ikhale ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zichuluke. Pomaliza anawonjeza kuti, "Chaka chilichonse muzipita ku Lilongwe akakuoneni m'kati mwa maso, ngakhale mukuona bwinobwino. Shuga amawononga maso mwakachetechete, sapweteka."

Amuna anga anaseka. "Maso angawa, adokotala? Ine mbuzi ikakhala paphiri ndimadziwa mwini wake."

"Ndi chifukwa chake ndikunena lero, bambo, adakali choncho."

Tinathokoza n'kutuluka. Za ku Lilongwezo sitinazikambenso. Sikuti tinakana ayi. Kungoti munthu amene akuona sapeza tsiku lokaonetsa maso. Mvula ikagwa ndi kuwokera, ikatha ndi kuthyola ndi kusoka, kenako kusankha ndi kudinda, ndipo fodya akapita kumsika nazale yayamba kale kudikira.

Inenso chaka chomwecho ndinatanganidwa. Boma litanena kuti ana aziphunzira ulere, sukulu ya kumishoni kwathu inasefukira, ndipo ife amene tinafikako ku sekondale anatilemba uphunzitsi wogwirizira. Ndinkaphunzitsa ana osawerengeka pansi pa mkuyu, n'kubwera kunyumba mawu atasasa.

Mapiritsi anawathandiza msanga. Thupi linabwerera, ludzu linachepa, anthu a kuchitsime anayambanso kundipatsa moni wabwino. Koma kuchipatala kunali kutali, ndipo nthawi ya dzinja mtsinje ukadzaza pankatha milungu mapiritsi atatha. Poyamba ankadandaula, kenako anazolowera. Ankati, "Ndikumva bwino, mayi, ndipita dzuwa likawala." Kunyumba tiyi wopanda shuga ankapirira naye, ngakhale ankamutcha madzi otsukira mbale. Koma pamaliro, paukwati, kapena kwa anzawo kumene apita kukasankha fodya, akawapatsa chipanda cha thobwa sankakana. Ankati kukana thobwa la mwini nyumba n'kumunyoza.

Tinakhala choncho zaka zingapo, ndipo palibe chinkaoneka cholakwika.

Choyamba kuchiona chinali kutchalitchi. Amuna anga ndiwo ankawerenga mawu oyamba Lamulungu pa nthambi yathu, chifukwa anali ndi mawu omveka mpaka kubenchi yakumbuyo. Tsiku lina ndinaona akutalikitsa buku, kenako akuliyandikitsa, n'kudumpha mzere wathunthu. Anthu sanazindikire, koma akatekisiti anadzutsa mutu. Pobwerera ndinawafunsa.

"Ndi ukalamba," anatero. "Zilembo za m'buku lija n'zazing'ono."

Nthawi imeneyo mavenda anali atadzaza m'mbali mwa msewu ku Mponela, akugulitsa chilichonse, ndipo mmodzi ankayala magalasi a maso pathumba. Amuna anga anayesa angapo akuwerenga nyuzipepala yakale, nasankha amene anawayanja. Anathandizadi kwa kanthawi. Koma masiku ena ankadzuka akuona bwino, masiku ena ankati zinthu zonse zili ngati waziyang'anira m'madzi. Tinkaganiza kuti vuto ndi magalasiwo, ndipo anagulanso ena.

Chaka chotsatira belo lawo linabwezedwa ku okushoni, ati fodya ndi wosakaniza. Chiyambire ulimi wawo zimenezi zinali zisanawachitikirepo. Belo lija litafika analimasula pakhonde, natulutsa mapindi a masamba n'kumawayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali poteropo ndipo ndinkaona ndithu kuti masamba ofiirira alowa pakati pa owala. Iwo sankaona. Anakalipira mnyamata waganyu amene ankawathandiza, ndipo usana wonse sanadye.

Kenako anayamba kudandaula za tintchentche. Ankakupiza dzanja patsogolo pa nkhope pamene panalibe kanthu. Ankati tinthu takuda tikuyandama m'diso lakumanja, tina ngati ulusi wa kangaude. Ndinawakumbutsa mawu a adokotala aja.

"Tipita," anatero. "Fodya alowe kaye m'chigafa."

Fodya analowa m'chigafa. M'mawa wina Loweruka, ine ndikutsuka mbale, iwo anali m'chigafamo akukweza mikangala, timitengo topachikapo fodya. Ndinamva akuitana, osati mokuwa.

"Mayi, kodi mwasonkha moto pafupi ndi fodya?"

"Moto wanji? Kulibe moto kuno."

"Nanga utsiwu?"

Ndinawapeza ataima, dzanja limodzi lagwira mzati. Anatseka diso lamanzere ndi chikhatho, n'kutembenuza mutu uku ndi uku. Anati m'diso lakumanja mwadzaza utsi wofiira, ndipo ine akundiona ngati chithunzithunzi. Ndinayang'ana disolo. Linali loyera bwinobwino, lopanda chotupa, lopanda misozi. Ndinafunsa ngati likupweteka ndipo anati ayi, ngakhale pang'ono.

Lolemba tinakwera matola mpaka ku Mponela, n'kupeza minibasi ya ku Lilongwe. Kumalo oonera maso kunali anthu ambiri, makamaka okalamba a ng'ala otsogoleredwa ndi adzukulu. Anamwino anawathira mankhwala m'maso onse awiri, natiuza kuti mankhwalawo amakulitsa mwanadiso kuti adokotala aone mpaka kumbuyo, ndipo kuti kwa maola angapo aziona mwachimbuuzi. Amuna anga anali ndi nkhawa, sindikhulupirira kuti anamva.

Adokotala a maso anali mayi wochokera kunja, wosadziwa Chichewa. Anawaunika nthawi yaitali ndi kanyali, kenako anayamba kufotokoza, anamwino akumasulira. Anati shuga ayenera kuti anakhala m'thupi zaka zambiri asanadziwike. Anati kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala, ndipo shuga amawononga timitsempha ta magazi ta m'kansaluko. Tikawonongeka, diso limameretsa tina tatsopano tosalimba, ndipo timeneti ndi timene timaphulika. Diso lakumanja linali litadzaza magazi, kansalu kaja katakokeka kale, ndipo adokotala sanatinamize kuti lidzabwerera. Lamanzere linkaonabe, koma namonso timitsempha tija tinali titamera.

"Ili tikhoza kulipulumutsa," anamasulira anamwino. "Koma musachedwe. Makina ake kuno kulibe, tikutumizani kuchipatala china. Kumeneko akakuwotchani m'kati mwa diso ndi kuwala kwa makinawo, kuti timitsemphato tifote."

Amuna anga anatembenukira kwa anamwino.

"Akandiwotcha?"

"Ndi kuwala chabe, bambo, si moto weniweni. Amayamba athira mankhwala oti musamve ululu."

Titatuluka panja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo chifukwa cha mankhwala aja kuwala kunawalasa m'diso labwino lija. Anaphimba nkhope ndi mkono, n'kuima pakati pa njira. Ndinawagwira dzanja, koyamba chikwatirane kuwatsogolera pagulu ngati mwana.

"Ndalowa muja ndikuona ndi diso limodzi," anatero, "ndatuluka onse awiri atafa. Ndiye mukuti ndipitenso akawonjezere moto?"

Ndinawakumbutsa zimene anamwino ananena. Pofika ku Mponela disolo linali litayamba kuyera, ndipo kutacha linkaona ngati kale. Koma mantha aja sanachoke.

Kumudzi nkhani inafika ife tisanakhale pansi. Amalume awo anabwera, mlongo wawo wamng'ono, amene ine ndimamuti alamu, anabweranso. Amalume anamvetsera zonse, kenako anati iwo matenda a shuga olowa m'diso sanawamvepo. Anati munthu amene fodya wake amagulidwa bwino chaka ndi chaka sakhala wopanda omuchitira kaduka, ndipo si zangozi kuti chagwidwa ndi diso, chimene amadyera. Alamu nawo anavomereza. Anati anamvapo za mayi wina amene anapita kukachitidwa opaleshoni ya maso n'kubwerako wakhungu.

Ine ndinayankhula zimene ndinamva kwa adokotala, mwina mokweza kuposa mmene mkamwana amayankhulira pamaso pa amalume. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, disoli si lanu."

Atapita ndinayesanso kwa amuna anga tili awiri.

"Bambo, tiyeni tipite sabata ino. Fodya ndiyang'anira ndi alamu."

"Mayi, diso landitsalira limodzi. Mukufuna ndikalipereke ndekha pamoto? Likapsa mudzandibwezera lanu?"

"Nanga likaphulika ngati linzake?"

"Panopa likuona. Tisankhe fodyayu, tidinde, akapita kumsika tidzaona."

Amalume anabweretsa kabotolo ka madzi a zitsamba kuchokera kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri. Mwayi wake amuna anga anayamba kuyesera m'diso lakufa lija. Linatupa, linafiira, ndipo anagona masiku angapo akubuula. Litaphwa anandiuza okha kuti ndikataye kabotoloko kuchimbudzi. Ndinaganiza kuti tsopano avomera ulendo, koma anati asing'anga alephera, achipatalanso alephera, bola kungokhala.

Chaka chimenecho tinasankha fodya limodzi, iwo ndi diso lawo limodzi, ine pambali ndikaweruka kusukulu. Ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Mapiritsi tsopano ankamwa mosadukiza, thobwa analeka, ndipo ankakhulupirira kuti zimenezi zikwanira. Ine ndinapita kwa abambo mfumu a kuparishi kukawapempha kuti ayankhule nawo. Anabweradi pa njinga yamoto, nakhala nawo pakhonde nthawi yaitali, mpaka analonjeza kuti galimoto ya parishi ikamapita kutauni idzatitenga. Amuna anga anavomera mwaulemu. Anati fodya akangochoka.

Fodya anachoka m'nyengo yozizira. Tinagwirizana tsiku la ulendo. Kutatsala masiku ochepa, iwo anapita kudimba kukaona malo a nazale, ndipo sanabwere pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinatuma mwana wathu woyamba, mtsikana, kuti akawaitane. Anawapeza atakhala pansi m'mphepete mwa njira, khasu lili pambali. Anamuuza kuti, "Ndigwire dzanja, mwanawe, kwandidera." Anabwera nawo pang'onopang'ono, anthu akuyang'ana m'makomo mwawo.

Ulendo uja tinapitabe. Kuchipatala chakutali chija anatiuza kuti magazi atchinga, kuwala kwa makina sikungafike pofunika, tidikire kuti adeke. Tinabwerera, tinadikira, tinapitanso. Magazi atachepa anawaika pamakina aja. Ine ndinali panja pabenchi. Sipanatenge nthawi yaitali, ndinaona anamwino akutuluka nawo, nandifotokozera zotsatira. Amuna anga anakhala pafupi nane, n'kundifunsa chapansipansi.

"Kodi ndi zomwezi basi?"

"Ati mubwerenso kawiri, koma ndi zomwezi."

"Ndimangoona kuphanima, ngati mphezi ili kutali. Kulasa pang'ono chabe."

Anaika manja pamaondo. Kenako anati, "Miyezi yonse ija, mayi." Sanamalize.

Adokotala a kumeneko anachita zimene akanatha. Anatiuza poyera kuti makinawo ntchito yake ndi kuteteza kuona kumene kulipo, sabweza kumene kwapita. Chimene chinatsala m'diso lamanzere chinali chochepa. Ankasiyanitsa usana ndi mdima, ankadziwa pamene pali khomo, munthu akadutsa ankaona chinthu chikuyenda. Nkhope, zilembo ndi mtundu wa tsamba zinapita.

Uphunzitsi ndinausiya, chifukwa munda sukanalimidwa ndi ana. Nyengo yosankha itafika ankakhala nane pamphasa, ine ndikuwapatsira masamba. Ndi zala ankadziwa kukhuthala kwa tsamba, kutalika kwake ndi chinyezi, koma mtundu ankafunsa ine. "Ili likuoneka bwanji?" Ndikati lofiirira ankafunsa kuti lofiirira motani, ngati uchi kapena ngati dothi la pachulu. Ine mawu ankandithera, iwo n'kukwiya, kenako n'kupepesa. Ndinaphunzira ndithu, koma sindinafike pamene iwo anali. Anzawo a m'kalabu poyamba ankabwera kudzacheza, kenako anayamba kupatsira moni ali panjinga. Kutchalitchi anapeza wowerenga wina. Amuna anga ankakhala kumapeto kwa benchi, ndipo wowerengayo akaphonya liwu ndinkawamva akulikonza chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali fodya. Mwana wathu womaliza anabadwa chaka chotsatira. Ankamunyamula, n'kumuyendetsa zala pamphumi ndi pamphuno, n'kumafunsa aliyense wobwera kuti mwanayu wafanana ndi yani. Wina akati ndi bambo ake, wina akati ndi mayi ake, iwo ankati, "Mukungondisangalatsa, nenani zoona."

Patapita nthawi alamu anga aja anayamba kuwonda ndi kumwa madzi kosalekeza. Atapita kukayezetsa anawapeza ndi shuga yemweyo. Anabwera kudzatiuza atanyamula mapiritsi awo pakansalu, akuyankhula mopepuka ngati mmene ife tinkachitira. Amuna anga anamvetsera mpaka anamaliza.

"Za maso anakuuza?"

"Anatchulako, achimwene, koma ine maso anga ali bwino. Ulusi ndimalowetsa pasingano ndekha."

"Upite mwezi uno."

"Mtedza ukadali m'munda. Ndikakumba ndidzapita."

Amuna anga sanali munthu wokalipira abale ake, koma tsiku limenelo anamenya ndodo yawo pansi mpaka nkhuku zinabalalika. "Tandiyang'ana. Iwe ukutha kundiyang'ana, ine sindingathe. Mtedza wakowo akumba ana anga. Mayi, mupite naye, ndipo akathira mankhwala aja mumugwire dzanja, asaope, zimatha zokha."

Alamu analira, mwina pokumbukira zimene ananena tsiku lija pamaso pa amalume, koma nkhaniyo palibe anaitchula. Tinapita. Ulendo woyamba anati m'maso mulibe vuto, abwerenso chaka chamawa. Amuna anga ndiwo ankasunga nyengo yake. Anthu akangoyamba kukumba mtedza ankatuma mwana kukawakumbutsa azakhali ake. Ulendo wina adokotala anapeza kuti timitsempha tayamba kuwonongeka m'diso limodzi, alamu asanamve chilichonse, ndipo anawatumiza kumakina aja nthawi yomweyo. Anapita osatsutsa. Mpaka lero amaona, amasoka, amapeta, ngakhale amati madzulo kukayamba kuda amavutikako.

Amuna anga sanakhalitse. Tsiku lina anaponda chitsotso cha chimanga osachiona, ndipo popeza mapazi awo anali atachita dzanzi sanamvenso kuti alasidwa. Ndinazindikira ine pochapa, nditaona magazi m'nsapato. Balalo linakana kupola. Tinayenda nalo kuchipatala miyezi yambiri, kenako miyendo ndi nkhope zinayamba kutupa, adokotala nati impso nazo zatopa. Masiku omaliza sankadandaula za ululu. Ankangofunsa ngati chimanga chamasula, ndiponso ngati denga la khola talikonza.

Anamwalira m'mwezi wa mvula yambiri, mtsinje utadzaza, moti abale anga ochokera ku Mvera anafika maliro ataikidwa kale. Mwana womaliza uja anali asanayambe sukulu. Chaka chimenecho fodya anaolera m'munda, ndipo sindinadzalenso.